Dzuwa Lisanamire M'nyanja

Nthawi ya tiyi wa 4 koloko itakwana, banja la a Paresh Doshi linapeza tebulo la pazenera m'chipinda chodyera cha pamwamba pa sitima. Linali Lachiwiri, tsiku lachiwiri chinyamukire ku Mumbai, ndipo kunja kunali madzi okhaokha, opanda ngakhale kabwato ka msodzi.

Jinal, mwana wawo wamkazi wa zaka khumi ndi zinayi, anabwera ndi mbale ziwiri zosefukira masamusa, zitumbuwa za anyezi ndi timibulu ta mbatatesi tokazinga. Kwawo ku Wadhwan zomera pansi pa nthaka sizinkalowa m'khitchini, monga zimakhalira m'nyumba za anthu a chipembedzo cha Chijaini, koma a Paresh ankati pa ulendo lamulo nalonso limapita kutchuthi. Anatola samusa n'kuiluma ikadali yamoto.

"Bapuji, palibe chokukomerani apa?" anafunsa atate awo, kwinaku akuuzira mpweya m'kamwa.

Agogo a Mansukhlal anayang'ana mbalezo mmene ankayang'anira nsalu yosuluka m'sitolo mwawo. "Ine tiyi yekha wandikwanira. Masana ndinadya ngati mlendo wa paukwati."

"Si ndinakuuzani? Pa sitima pano munthu amachita kutopa ndi kutafuna."

Amayi a Jinal, a Falguni, anali atatuluka m'chipinda chawo koyamba chikwerere sitimayo. Nyanja inali itawakana. Chizungulire ndi nseru zinawagwira doko la Mumbai lisanabisike n'komwe, ndipo tsopano anangokhala chogwira mutu, akununkhiza kachidutswa ka ndimu.

A Paresh anapukuta zala n'kuyamba nkhani ya makhadi. Kampani ya sitimayo inali itaika marupi zikwi zinayi pa khadi la chipinda chilichonse ngati banyira. Inali ndalama yosagwirika ndi manja. Munthu akanatha kugulira zithunzi, chakudya cha m'malesitilanti olipiritsa, kapena ulendo wa kumtunda sitima ikaima, koma yotsala ikanadzafera m'khadi momwemo Lachinayi pobwerera ku Mumbai.

"Yathu ine ndi mayi ako yatha kale," anatero a Paresh. "Zithunzi zija, ndi tikiti yanga ya basi yokaona matchalitchi akale ku Goa mawa. Yanu bwanji, a manijala?"

Onse ankamutcha Jinal choncho chifukwa ndi iye amene anakonza ulendo wonsewo pa foni, abambo ake akungovomera ndi mutu. Ndipo a manijalawo ankadziwa kale kopita ndalama ya chipinda chimene ankagona ndi agogo awo. Kwa milungu itatu Jinal anakhala akuonera kanema wa anthu ouluka pamwamba pa nyanja, atamangidwa ku chiambulera chachikulu chokokedwa ndi boti. Anzake onse a m'kalasi anali atawauza kuti adzawatumizira chithunzi ali m'mwamba. Ulendowo unali wa marupi zikwi zitatu ndi mazana asanu, ndipo desiki yolembetsera inkatseka 5 koloko.

"Gawo langa ndinamupatsa kale," anatero Agogo. "Ine mawa ndikhala pompano, maondo akana. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu akauluke ngati kaiti? Chingwe chikaduka mudzakanditola ku Arabiya."

Jinal anaseka mpaka tiyi kumutsamwa. Koma amayi ake anadzuka mwapang'onopang'ono, fungo la anyezi litawafika pammero. Asanachoke anagwira phewa la amuna awo.

"Abambo a Jinal, Bapuji akudya bwino madzulo?"

"Aaa, inu, dzikagonani. Jinal analemba pa foni kuti tikufuna chakudya cha Chijaini. Ali ndi tebulo lawolawo, lopanda anyezi, lopanda mbatatesi. Si choncho, a manijala?"

"Ndinachonga ndithu," anayankha Jinal monyadira.

A Falguni anatsegula pakamwa kuti anenenso kanthu, koma sitima inapendekera pang'ono, iwo n'kugwira pakamwapo, ulendo wa kuchipinda. Posakhalitsa Agogo nawo anati akawongole msana, ndipo a Paresh anathamangira ku holo ya pansi kumene kunkayamba masewera a manambala.

Pa desiki ya maulendo Jinal anapatsidwa pepala, ndipo anauzidwa kuti popeza ndi mwana, munthu wamkulu wa m'chipinda chake asayine. Anatsika masitepe awiriawiri, osadikira chikepe, n'kukankha chitseko osagogoda.

Agogo anali atakhala m'mphepete mwa bedi, atayang'ana kazenera kozungulira. Pa bondo lawo anali atayala hanki yoyera, ndipo pa hankiyo panali nthochi imodzi ya mawanga akuda, timapaketi tiwiri ta shuga wa mu tiyi, ndi piritsi limodzi. Ankayesa kung'amba kapaketi, koma zala zinkangoti njenjenje.

"Agogo, izi n'chiyani?"

Anadzidzimuka, n'kuyesa kuphimba ndi dzanja. Ataona kuti achedwa, anamwetulira. "Mgonero wa mfumu ya Wadhwan."

"Mgonero bwanji? Chakudya ndi hafu pasiti seveni, si..."

Jinal anatukula maso. Anayang'ana kazenera kaja, kumene dzuwa linali litayamba kupendeka.

Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, Agogo anali asanaikepo kanthu m'kamwa dzuwa litalowa, ngakhale dontho la madzi, kufikira m'mawa litatuluka n'kukwera mphindi makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Analumbira zimenezi limodzi ndi akazi awo, agogo a Kanta, ndipo a Kanta atamwalira zaka zinayi zapitazo iwo anapitiriza okha. Jinal ankazidziwa izi monga ankadziwira mtundu wa chitseko cha kwawo. Tsiku lililonse 5 koloko, mphika wa amayi ake unkaliza likhweru kukhitchini, iye n'kumadandaula kuti ukumusokoneza homuweki. Alendo akhalepo, mutu uziwawa, kukhale maliro kwa oyandikana nawo, mbale ya Agogo inkafika patebulo dzuwa likadali pa denga la sukulu. Zinkangochitika, ngati kulira kwa nkhunda. Pa foni paja panali kabokosi kolembamo zofunika zina zapadera, ndipo iye anakadumpha chifukwa sanaone cholemba.

"Dzulo munadya chiyani?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Dzulo ndinadya masana, monga aliyense."

"Ndikunena madzulo, Agogo."

Anakanda chibwano. "Machapati aja anatikulungira mayi ako ndi amene ndinkadalira. Unaona wekha anawalanda pachipata, ati chophika cha kunyumba sichikwera sitima. Ndinamwa piritsi langa ndi madzi. Thukuta linandisambitsa pang'ono kenako, basi."

Dokotala wa matenda a shuga ananena pamaso pa banja lonse kuti piritsi lamadzulolo lizitsagana ndi chakudya chenicheni. Chaka chatha Agogo analimwa chopanda kanthu m'mimba tsiku lina la chipwirikiti kusitolo, ndipo anawapeza atagwa pakati pa mipukutu ya nsalu.

"Bwanji osatengako machapati masana?"

"Ndinatenga awiri, ndinakulunga mu hanki yomweyi. Pakhomo mnyamata wina wa yunifolomu anandiuza, mwaulemu ndithu, kuti chakudya sichituluka m'chipinda chodyera. Ndinabweza." Anayang'ana kumbali. "Zaka makumi asanu ndili pa kauntala, mwanangu, palibe anandionapo ndikubisa kanthu m'thumba. Nthochi iyi inali kale m'malaya kuyambira m'mawa."

"Ndikauza Bambo."

Dzanja lonjenjemera lija linamugwira pamkono mwamphamvu zodabwitsa.

"Usayerekeze. Mwana uja wadzimana zaka ziwiri kuti andikweze sitima. Wamuona nkhope yake? Akuseka ngati ali ndi zaka khumi. Ndiye ndikamuuze kuti mphatso yake ikundigoneka ndi njala? Mayi ako nawonso asiye, ali ndi nkhondo yawo. Kwatsala masiku awiri okha. Njala ya masiku awiri siipha Mjaini." Anamusiya, n'kuloza pepala lija. "Bweretsa kuno ndisayine. Thamanga, atseka."

Jinal anatuluka ndi pepala losayinidwa, koma miyendo sinathamange ngati pobwera.

Pa mzere panali anthu anayi. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti 5 koloko ikwane. Pamwamba pa desikiyo kanema uja ankangobwerezabwereza: mtsikana wa tsitsi lomasuka akukwera, akukwera, boti n'kusanduka kadontho pansi pake. Jinal anayang'ana kanemayo, kenako anayang'ana pansi.

Kenako anaona bambo wa imvi amene anachotsa mbale patebulo lawo nthawi ya tiyi, akukankha kangolo ka makapu. Pachifuwa pake panalembedwa kuti Caetano. Jinal anapempha mayi amene anali kumbuyo kwake kuti amusungire malo, n'kumuthamangira.

"Ankolo, pepani. Pa sitima pano pali poti munthu angadye chakudya chophika isanakwane 6 koloko?"

"Njala yayambanso? Ndinakuona ndi mbale ziwiri zija, ndinaganiza kuti ukudyetsa timu ya mpira."

"Si ine. Ndi agogo anga. Sadya dzuwa likalowa."

A Caetano anaimitsa kangolo kaja. Nkhope yawo inasintha. "Achikulire ovala zoyera aja, omwa tiyi yekha aja? Mayo ine. Nanga bwanji simunanene? Ulendo uliwonse timakhala nawo awiri kapena atatu otero, koma amalemberatu, ophika n'kuwakonzera mbale yawo msanga. Za mawa ndikhoza kuwalembetsa, palibe cholipira. Koma lero khitchini yaikulu yatseka mpaka 7 koloko, sangayatsire moto munthu mmodzi."

"Ndiye palibiretu?"

"Moto woyaka ulipo umodzi. Kalesitilanti ka kumbuyo kwa sitima kamatsegula hafu pasiti faifi. Wophika wake ndi mnzanga, akhoza kuphika mpunga ndi mphodza mu mphika wosakhudza anyezi, koma ndimuuze pompano. Kokhako n'kolipira, mwana wanga. Marupi chikwi munthu mmodzi, udye pang'ono udye zambiri. Amachotsa pa khadi." Anatulutsa kapepala ka ndondomeko ya tsikulo m'thumba. "Ndipo apa alemba kuti dzuwa lilowa teni pasiti sikisi."

Jinal sanafunikire cholembera. Akachotsa chikwi, zotsalazo sizikanakwana chiambulera. Zikanaperewera pang'ono pokha, ndipo kuchepa kwakeko n'kumene kunkapweteka. Akanatha kuthamangira kwa abambo ake kukapempha, koma akanawauza kuti n'za chiyani? Anaganiza za anzake a m'kalasi, makamaka Krupali, amene ananena kuti Jinal ndi wamantha, sadzauluka. Anaganizanso kuti mwina nthochi ija ikhoza kukwanira. Agogo omwe anati njala ya masiku awiri siipha munthu, ndipo iwo amadziwa thupi lawo.

"Iwe mtsikana," anaitana mayi uja pa mzere. "Yakwana nthawi yako."

Jinal anayang'ana pepala limene linali m'manja mwake. Dzina la Agogo ankalidziwa bwino pa malisiti a kusitolo, zilembo zoima chilili ngati zayezedwa ndi lula. Apa zinali zitakhota, zina zitakwera pamwamba pa mzere, china chitatsetsereka ngati nyerere yagwa mu inki.

"Pitani inu, anti," anatero. Anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba. "Ankolo, auzeni aphike. Anthu awiri."

"Awiri?"

"Okha sangadye. Ndikuwadziwa."

Ntchito yaikulu inali kuchipinda. Agogo atamva, anaimirira ndi nthochi yawo m'manja.

"Marupi chikwi? Mpunga ndi mphodza? Akuphikira mu mphika wagolide? Ku Wadhwan ndalama imeneyo ndidyetsa msewu wathu wonse, agalu omwe n'kukhuta."

"Si ndalama yeniyeni, Agogo. Ndi banyira."

"Banyira nayenso ndi ndalama. Nanga chiambulera chako?"

"Desiki yatseka."

"Ndani wakutuma zimenezi? Bwerera ukawauze kuti walakwitsa."

"Achotsa kale pa khadi, ndipo mphika uli pamoto. Mukakana, chakudyacho akachitaya m'bini, ndalama n'kupita pachabe." Jinal anapinda manja pachifuwa monga ankachitira iwo ndi makasitomala ovuta. "Ndiye sankhani nokha, a Doshi. Mulipire chakudya n'kudya, kapena mulipire chakudya n'kusadya."

Agogo anamuyang'anitsitsa. Milomo yawo inagwedera ngati akufuna kukalipa, koma m'malo mwake anaika nthochi ija patebulo mosamala.

"Mwana uyu adzagulitsa ambulera m'chilimwe," anang'ung'udza. "Ndipatse ndodo yanga."

Kalesitilanti kaja kanali kopanda anthu, poti ena onse anali asanaganize n'komwe za mgonero. Khoma lake lakumbuyo linali galasi lokhalokha. Sitima inkasiya msewu woyera pamadzi, ndipo chakumbali kwake dzuwa linali litalendewera pamwamba pa nyanja, lofiirira ngati papaya wakupsa. A Caetano anabweretsa okha chakudyacho, ngakhale kuti sikanali kumalo kwawo kogwirira ntchito: mpunga wophikidwa pamodzi ndi mphodza mpaka kufewa, msuzi wa chambiko, mphonda zokazinga, machapati anayi otentha, ndi jagi ya madzi owiritsa.

"Achikulire, mutikhululukire za masana zija," anatero akuwerama pang'ono, poti Jinal anali atawauza za machapati aja. "Mnyamata uja ndi watsopano, amaopa bwana kuposa Mulungu."

"Anagwira ntchito yake," anayankha Agogo. "Ndikanakhala ndi wotero kusitolo, mipukutu iwiri ya silika sikanasowa."

Anatseka maso n'kunong'ona pemphero lawo. Kenako ananyema chapati, n'kuyamba. Poyamba ankadya mwaulemu, ngati munthu wongolawa kuti asakhumudwitse wophika. Pa chapati yachiwiri ulemu unatha. Jinal ankadya pang'onopang'ono, akuyang'ana zala zija zikuleka kunjenjemera. Atafika pakati, anawasunthira piritsi pafupi ndi kapu.

"Agogo ako aakazi ankati ndimadya ngati ndikuthamangitsidwa ndi njati," anatero atameza. "Iwo ankatafuna ngati dzuwa ndi mlamu wawo, liwadikira. Tsiku lililonse ndinkamaliza ine, n'kukhala ndikuwalondera zenera. Ndinkati, Kanta, latsala chala chimodzi. Iwo amvekere, chala chako kapena changa?" Anaseka chapansipansi, n'kupukuta diso ndi kuseri kwa dzanja. "Tsabolayu ndi waukali."

M'chakudyamo munalibe tsabola, koma Jinal anavomera ndi mutu.

Ndi pamene chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali a Paresh, atanyamula fulasiki yapulasitiki imene anapata ku masewera a manambala. Anali atadzera pa desiki ya maulendo isanatseke kukafunsa ngati mwana wawo walembetsa, ndipo atauzidwa kuti dzina lake palibe, anazungulira sitima yonse.

"Jinal, n'chiyani chimenechi? Milungu itatu watiboola makutu ndi chiambulera, lero ndalama yonse ukuthera mu lesitilanti? Chakudya chaulere chili mbwee pa sitima pano, kungodikira maola awiri okha. Inunso Bapuji, mwalola bwanji kuti..."

Anaima. Maso awo anachoka pa mbale ya atate awo, n'kupita pa kapepala kopanda piritsi, n'kukathera pa galasi lija, kumene m'munsi mwa dzuwa munali mutatsala pang'ono kukhudza madzi. Dzanja logwira fulasiki linatsika lokha.

"Khala pansi, Paresh," anatero Agogo osatukula mutu. "Ukunditchingira dzuwa."

A Paresh anakoka mpando n'kukhala.

"Bapuji, dzulo madzulo..."

"Dzulo linapita ndi madzi."

"Ine ndinali ku holo kuonera ovina. Ndinaganiza kuti mwangotopa." Mawu awo anali atasasa. "Ndinabadwira m'nyumba ija ine. Ndaiwala bwanji?"

"Sunaiwale. Kale ankakumbukira ndi mayi ako, pano amakumbukira ndi mkazi wako. Iwe ndi ine timangopeza mbale ili patebulo." Agogo anakankha kapu yawo. "M'malo molira ngati mbuzi yonyowa, ndithirire madzi. Kwatsala zala ziwiri."

A Paresh anathira madziwo ndi manja awiri, monga ankachitira ali mnyamata. Agogo anamwa kapu yonse, n'kupempha ina, n'kumwanso. Anatsuka m'kamwa, anapukuta ndevu, n'kuika manja pa maondo. Atatuwo anaonerera dzuwa likumira, theka, kachidutswa, kenako kamzere kofiira kokha.

Potuluka a Paresh anagwira mwana wawo paphewa. "Ndikawapempha ku desiki kuja. Ndilipira ndi ndalama yam'thumba."

Anapitadi, koma anapeza atatseka, ndipo kachikwangwani kanali katapachikidwa konena kuti malo a ulendo wa chiambulera adzaza. Anabwerera akukoka miyendo. Jinal anati palibe kanthu, ngakhale kuti kanthu kanalipo.

Asanapite kukasamba anasuzumira m'chipinda cha amayi ake. A Falguni anali chigonere, nsalu yonyowa ili pamphumi.

"Ndani? Jinal? Nthawi ili bwanji?" Anayesa kudzuka mwadzidzidzi. "Kunja kwada. Bapuji..."

"Adya, Amayi. Mpunga ndi mphodza, machapati atatu. Piritsi amwa."

"Nthawi yake?"

"Nthawi yake."

A Falguni anabwezera mutu pa pilo n'kupuma mozama. Jinal anatenga nsalu ija, anakainyowetsanso, n'kuwaika pamphumi. Anakhala pambali pawo kanthawi, akuyang'ana manja awo, amene anali ndi timabala ta mafuta otentha amene iye anali asanationepo.

M'mawa mwake anadzuka sitima itaima pa doko la Goa. Pansi panali patasiya kugwedera. Jinal ndi Agogo anakwera pamwamba 7 koloko isanakwane n'kupeza tebulo la panja, pafupi ndi chitsulo chotchinga m'mphepete. A Paresh anafuna kutaya tikiti yawo ya basi, koma Agogo anawathamangitsa, amvekere tikiti yolipira kale siiwolera m'thumba. Komabe asanatsike anapita okha kukhitchini ndi a Caetano, kukaonetsetsa ndi maso awo kuti dzina la atate awo lalembedwa pa mbale ya hafu pasiti faifi.

Pansi pa doko mabasi asanu anali pamzere. Anthu ankatsika pa mlatho wa sitima ndi zipewa zawo ndi matawulo pamapewa. Pa basi yachiwiri panali chithunzi cha chiambulera cha mitundumitundu, ndipo atsikana atatu a msinkhu wa Jinal ankajambulana pakhomo pake. Jinal anatsamira chitsulo chija, chibwano chili pamanja.

"Ukanakhala m'basi yachiwiriyo," anatero Agogo pambali pake.

"Eya."

Anaiyang'anitsitsa basiyo, atatchinga maso ndi dzanja. "Tayala lakumbuyolo sindikulikhulupirira. Ndipo dalaivala wakeyo akuoneka kuti sanagone kwawo."

Jinal anaseka, mphuno ikutuluka madzi, n'kupukuta ndi mkono wa malaya. Mabasi analiza mahutala n'kuyamba kutuluka pachipata, imodzi imodzi. Anawaperekeza ndi maso mpaka yomaliza itakhota kuseri kwa nyumba zosungira katundu. Kenako anapita kukatenga thireyi: phala la tirigu, machapati awiri, chambiko, ndi jagi ya madzi owiritsa.

Pobwerera anapeza amayi ake atafika patebulo, atasamba, tsitsi atamanga, nkhope itayamba kubwerera mwakale. Ataona thireyiyo anaimirira mwachizolowezi n'kutambasula dzanja kuti alandire jagi.

"Khalani, Amayi," anatero Jinal. Anayang'ana foni yake, kenako dzuwa limene linali litakwera pamwamba pa migwalangwa ya kutsidya. "Sinakwane. Kwatsala mphindi zinayi."

A Falguni anayang'ana apongozi awo, apongoziwo n'kukweza mapewa ngati akuti, a manijala anena. Anakhala pansi n'kuika manja pamiyendo, osadziwa chochita nawo. Atatuwo anadikira, akumvetsera akhwangwala akukangana pa doko.

Mphindi zinayi zitatha, Jinal anatembenuza kapu ya Agogo n'kuthiramo madzi.